Akumanzere sali a mtundu umodzi: tiyese njira zawo pa sikelo ya pa Kamwendo

Kwathu kuno mwana akalandira chinthu ndi dzanja lamanzere amadzudzulidwa pomwepo, ndipo ena amene adabadwa amanzere adamenyedwa zala ndi rula kusukulu mpaka adaphunzira kulemba ndi dzanja lodyera. N'chifukwa chake mawu akuti "ndale za kumanzere" sakoma m'khutu la Mchewa, amamveka ngati ndale za mwano. Koma dzinali lilibe nkhani ndi ulemu. Lidachokera ku France mu 1789, m'nyumba ya malamulo, momwe ofuna kuti mfumu isunge mphamvu zake adakhala kudzanja lamanja la wapampando, ofuna kusintha zinthu n'kukhala kumanzere. Pokhala padasanduka dzina.

Mwana wa mlongo wanga adabwera ku holide kuchokera ku koleji atavala chipewa chofiira, foni itadzaza mavidiyo a Julius Malema, wandale wa ku South Africa. Tikuswa mtedza pakhonde, adati, "Atsibweni, ine tsopano ndine wakumanzere." Ndidamufunsa kuti, "Wakumanzere wake uti, iwe?" Adangoseka, poyesa kuti ndikumugemula. Sindinkamugemula. Akumanzere onse amagwirizana pa mfundo imodzi: chuma chimapangidwa ndi manja a anthu ambiri koma chimathera m'matumba a ochepa, ndipo zimenezi si chilengedwe kapena ulesi wa osauka, ndi dongosolo limene anthu adakonza, lomwe anthu angathenso kulikonza mwina. Akadutsa pamenepo amasiyana kwambiri, mpaka m'mayiko ena adatsekerana m'ndende okhaokha.

Ine si wa mabuku ambiri, choncho njira zawo ndimaziyesa ndi muyeso umodzi. M'mwezi wa April ndi May, soya ndi mtedza zikangochoka kumunda, pa Kamwendo, pa Kapiri ndi pa Mkanda pamadzaza masikelo okolekedwa m'mitengo. Mayi wasenza ndowa ya soya, kunyumba wasiya mwana wobwezedwa fizi ndi ngongole ya katapila. Venda watchula mtengo wake, ndipo mtengo umene boma lidalengeza pa wailesi watsalira pa wailesi pomwepo. Njira iliyonse ndimaifunsa kuti: mayi ameneyu, tsiku limeneli, ikumuchitira chiyani?

Boma ligwire zonse

Iyi ndiyo njira yakale, ya sosholizimu weniweni: migodi, mabanki, mafakitale ndi misika ya mbewu zikhale m'manja mwa boma, kuti phindu lisapite kwa munthu mmodzi. Chodabwitsa n'chakuti ife tidalawako mbali yake pansi pa munthu amene ankadana ndi chikomyunizimu ndi mtima wake wonse. Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu, adapalana ubwenzi ndi boma la tsankho la South Africa mu 1967 ndipo ankagwirizana ndi Taiwan osati China. Komabe ndi iye amene mu 1971 adakhazikitsa ADMARC, yomwe idali pafupifupi wogula yekhayo wa mbewu za mlimi wamng'ono.

Akuluakulu akamaikumbukira ADMARC ya nthawi imeneyo sanama. Msika udali pafupi, mtengo unkadziwika mbewu zisanabzalidwe, udali umodzi kaya uli ku Mkanda kaya ku Lilongwe, ndipo mu February chimanga chinkapezeka pa depoti. Mayi wathu uja sakadakumana ndi sikelo ya mumtengo. Zimene sakonda kukumbukira n'zakuti ADMARC inkagula fodya, thonje ndi mtedza motsika n'kukagulitsa kunja mokwera, ndipo phindulo linkakathandiza maesiteti ndi makampani a Press. Lamulo linkaletsa mlimi wamng'ono kulima fodya wa bale, yemwe adali ndi ndalama, mpaka 1990. Wofuna kumugwira fodya ameneyo ankayenera kukakhala tenanti wa mwini esiteti. Boma lidagwira msika, inde, koma boma lomwelo lidali m'manja mwa ochepa, ndipo wodandaula ankafunsidwa khadi la chipani.

Anzathu a kutsidya kwa Mwami adayesa ndi mtima wonse. Kenneth Kaunda adayamba kutenga makampani ndi chilengezo cha ku Mulungushi mu 1968, ndipo chaka chotsatira adalengeza kuti boma litenga magawo 51 pa 100 alionse a migodi ya kopa. Ndalama za kopa zidamanga sukulu, zipatala ndi yunivesite. Mtengo wa kopa utagwa cha pakati pa zaka za m'ma 1970, zonse zidatsamira pa ngongole, masitolo adauma, ndipo mu 1986 anthu a ku Copperbelt adachita ziwawa chifukwa cha mtengo wa ufa. Ku Tanzania, Julius Nyerere adalengeza Ujamaa, sosholizimu wa kumeneko, ku Arusha mu 1967. Adaphunzitsa anthu ambiri kuwerenga ndipo adalumikiza mitundu ndi Chiswahili kuposa mtsogoleri wina aliyense m'chigawo chino, izo tisamumane. Koma pakati pa 1973 ndi 1976 anthu mamiliyoni adasamutsidwira m'midzi yatsopano, ambiri mokakamizidwa, ndipo ulimi udabwerera m'mbuyo.

Asosholisti a kuno kwathu sadapatsidwe n'komwe mpata woti tiwayese. Attati Mpakati, mtsogoleri wa LESOMA, chipani cha asosholisti a ku Malawi amene adali kunja kwa dziko, adaduka zala ndi bomba la m'kalata ku Maputo mu 1979, ndipo adaphedwa ku Harare mu 1983. Sitidziwa akadalamula bwanji, choncho n'zosavuta kumukonda.

Ine njira iyi ndimaiopa pa chifukwa chimodzi: khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Wakuba akalowa m'kampani ya boma, sungamugende osaswa mkhate wa tonse. ADMARC ya masiku ano, imene mu 2022 idaimitsidwa kaye n'kuchotsa antchito ake kuti ikonzedwenso, imakonda kulandira ndalama zogulira mbewu mavenda atasesa kale m'midzi. Ndipo boma likatseka malire kuti chimanga kapena soya zisatuluke, limati likuteteza dziko, koma amene mtengo umamugwera ndi mayi uja, pomwe wa m'tauni ndi wopanga chakudya cha nkhuku akugula motchipa.

Msika ukhalepo, boma lidule msonkho n'kugawa

Njira yachiwiri siilanda sitolo ya munthu. Imati malonda achitike, koma olemera akhome msonkho wokwanira kuti aliyense apeze sukulu, chipatala ndi pogwira akagwa. Ndi imene mayiko ngati Sweden, Norway ndi Denmark amadziwika nayo, ndiponso imene idabala zipatala zaulere za NHS ku Britain mu 1948. Amalawi ambiri ali kuno osadzidziwa. Ngakhale mu mkangano wa nduna wa 1964, chimodzi mwa zimene zidakwiyitsa nduna chidali tiki imene boma linkalipiritsa odwala m'zipatala.

Zitsanzo tili nazo. Sukulu ya pulayimale yaulere ya 1994 idakweza chiwerengero cha ana kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika poposa 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Kudabwera Starter Pack mu 1998, makuponi a feteleza mu 2005, kenako AIP mu 2020, thumba likuyamba pa K4,495. Ndipo Mtukula Pakhomo, ndalama zopita kwa mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito, idayambira kuno ku Mchinji mu 2006 isanafalikire dziko lonse.

Amene amanyoza zinthu zimenezi kuti n'zozoloweretsa anthu kupempha ndimawafunsa kumene adali mu 2002. Kuyambira 1981 dziko lidatsata malangizo a World Bank ndi IMF ochepetsa dzanja la boma, mu 1987 amalonda wamba adaloledwa kugula mbewu, misika yambiri ya ADMARC n'kutsekedwa. Chimanga cha m'nkhokwe za dziko chidagulitsidwa njala ili pakhomo, ndipo mpaka lero a boma la nthawi imeneyo ndi a IMF amalozana zala. Kasungu idali m'gulu la maboma amene adavutika koposa. Anthu adadya gaga ndi zikhawo za nthochi, adagulitsa mbuzi pa mtengo wa nkhuku, ana adasiya sukulu. Bingu wa Mutharika atabweretsa makuponi, abwenzi akunja ambiri asakufuna, ziwerengero za boma zidaonetsa chimanga chikuchoka pa matani pafupifupi 1.2 miliyoni mu 2005 kufika poposa 3 miliyoni mu 2007. Mvula idathandiza, koma mvula yokha sibereketsa nthaka yoguga.

Vuto lake ndi la mphika ndi chipande. Sweden imagawa chifukwa ili ndi chogawa, ndipo pafupifupi aliyense wogwira ntchito amadulidwa msonkho. Kuno olembedwa ntchito m'mabuku ndi ochepa, choncho boma limadalira msonkho wa pa katundu, umene gogo wogula sopo amalipira mofanana ndi mwini malole. Ndalama zambiri za Mtukula Pakhomo zimachokera kwa abwenzi akunja. Feteleza amagulidwa ndi madola, ndipo kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, thumba lomwelo lidafuna makwacha ochuluka, ndiye olandira adachepa. Onjezanipo Cashgate ya 2013, mayina osowa pa mndandanda wa kwa amfumu, ndi makalasi a ana opitirira 100 kwa mphunzitsi mmodzi.

Pa muyeso wanga uja njira iyi imakhoza theka. Imamuthandiza mayi tsiku lobzala ndi tsiku lodwala, koma tsiku logulitsa imamusiya yekha. Ndiponso imamusandutsa woyembekezera: dzina likatuluka athokoze, likapanda kutuluka adikire chisankho.

Kopaletivi ndi yuniyoni

Apa ndipo mtima wanga uli, ndisabise. Njira yachitatu siidikira nduna. Imati ofooka aphatikize zochepa zawo mpaka wogula kapena bwana asathe kuwadumpha. Idayamba kalekale: mu 1844 amisiri oluka nsalu a ku Rochdale ku England adasonkha ndalama n'kutsegula sitolo yawoyawo, ndipo malamulo awo, monga lakuti membala aliyense ali ndi voti imodzi kaya wasonkha zingati, ndi amene makopaletivi amatsata mpaka lero.

Choyamba tizindikire mdani. Mnyamata wa sikelo ya mumtengo si iye wolemera. Nthawi zambiri ndalama zimene wanyamula ndi za wina wa pa boma, amenenso akugulira wamkulu wa ku Kanengo. Iye amadya pa makilogalamu awiri atatu amene sikelo yake yabisa. Mphamvu yeniyeni ili ndi amene ali ndi nyumba yosungiramo mbewu ndi ndalama zodikira, chifukwa soya wa mu April ndi soya wa mu October ndi yemweyo, chosiyana ndi mtengo. Mlimi amagulitsa msanga osati chifukwa sadziwa masamu, koma chifukwa fizi siidikira October.

Ndiye kopaletivi yeniyeni imafuna zinthu zitatu: sikelo yakeyake, mosungira mosadontha, ndi kathumba koti membala wopanikizika abwerekeko osagulitsa mbewu. Chachitatuchi ndicho chimavuta, ndipo n'chimene amayi a banki m'khonde adachitulukira kale popanda kuwerenga Karl Marx. Mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama a SACCO, amene mgwirizano wawo wa MUSCCO yakhala ikuwalumikiza kuyambira 1980, amagwira ntchito yomweyo pa mlingo wokulirapo. Lamulo latsopano la makopaletivi lidabwera mu 1998, NASFAM, bungwe la alimi ang'onoang'ono, idakhazikitsidwa mu 1997, ndipo alimi a bungwe la MASFA kuno ku Mchinji adafika pogulitsa mtedza wawo m'masitolo a ku Britain ndi chizindikiro cha malonda achilungamo cha Fairtrade. Sizidali zophweka, chifukwa msika wa kumeneko umakana mtedza wa chuku, ndipo chizolowezi chathu chowaza madzi mtedza kuti usweke bwino ndicho chimabala chukucho. Mlimi mmodzi sangagule zoyezera, gulu lingathe.

Zofooka zake ndikuzidziwa chifukwa ndidapsa nazo. Kalabu yathu yoyamba idafa msungichuma atabwereka ndalama za gulu "kwa sabata imodzi" kuti aonjezere mpamba wake, ndipo tonse tidachita manyazi kumufunsa chifukwa adali mkulu wa mpingo. Chaka china tidagwirizana kusunga soya mpaka August, koma pofika June theka la mamembala lidali litagulitsa usiku, aliyense ndi chifukwa chake chomveka. Palinso makopaletivi obadwa chifukwa kwabwera pulojekiti: chikwangwani chokongola, matisheti, ndipo galimoto yoyera ikasiya kubwera gulu limatha. Choipitsitsa n'chakuti kopaletivi imakomera amene ali ndi chobweretsa. Waganyu wopanda munda alibe thumba loika m'nyumba yosungira.

Kwa iyeyo mbali ina ya njira yomweyi ndi yuniyoni. Tisaiwale kuti ufulu wa zipani zambiri sudabwere ndi maloya okha. Kalata ya maepisikopi itawerengedwa pa 8 March 1992, Chakufwa Chihana, munthu wa mabungwe a antchito, adamangidwa mu April atangotsika ndege ku Lilongwe, ndipo mu May antchito a ku Blantyre, kuyambira a fakitale ya nsalu ya David Whitehead, adanyanyala ntchito mpaka mzinda udagwedezeka. Ku Zambia wa yuniyoni Frederick Chiluba adagonjetsa Kaunda mu 1991, ngakhale atakhala pampando ndi iye amene adagulitsa makampani a boma, nkhani yoti mwana wa mlongo wanga aiganizire.

Kuno kwathu wantchito woiwalika ndi tenanti. Mabanja ankachokera ku Thyolo, Mulanje, Mangochi ndi kwina kudzalima fodya m'maesiteti a Kasungu ndi Mchinji, akudya phoso la ngongole chaka chonse. Mabelo akagulitsidwa ku okushoni ya Chinkhoma kapena Kanengo, bwana ankachotsera phoso, feteleza ndi zina zodziwa yekha, ena n'kutsala opanda ya thiransipoti yobwerera kwawo. Mu 2019 America idaimika fodya wa ku Malawi pa madoko ake chifukwa cha nkhani ya ntchito yokakamiza ndi ya ana, ndipo mu 2021 nyumba ya malamulo idathetsa utenanti. Lamulo lidalembedwa ku Lilongwe. Kuti lifike m'chigafa cha ku Santhe pafunika anthu a m'chigafamo amene angayankhule limodzi osaopa kuthamangitsidwa, ndipo yuniyoni zathu zambiri zili ndi aphunzitsi, anamwino ndi a m'maofesi, osati wa kabaza, waganyu kapena wosoka fodya.

Malo abwerere kwa olima

Iyi ndiyo imene imawatenga mtima achinyamata, chifukwa ili ndi nyimbo ndi chipewa. Malema adayambitsa chipani cha EFF mu 2013 ndi mfundo yolanda malo popanda chipukuta misozi, ndipo chithunzi cha Thomas Sankara, amene adalamula Burkina Faso kuyambira 1983 mpaka kuphedwa kwake mu 1987, chili m'mafoni ambiri. Ku South Africa mfundoyi ili ndi mizu, popeza lamulo la 1913 lidapatsa anthu akuda kachigawo kochepa kwambiri ka dziko lawo lomwe.

Koma mwana wa mlongo wanga akamafuula zolanda malo kwa azungu, ndimamufunsa kuti mzungu wake ali kuti ku Mchinji. Ku Thyolo ndi Mulanje nkhani ya minda ya tiyi ndi thangata ndi ina. Maesiteti ambiri a kuno adadulidwa pa malo a makolo m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndipo adapita kwa Amalawi anzathu: andale, akuluakulu a m'boma, ochita malonda. Ena lero ndi thengo, eni ake ali ku tauni, pomwe mudzi woyandikana nawo ukugawana ekala imodzi ana asanu. Pamenepo ndikugwirizana nawo akumanzere: malo a lizi amene salimidwa abwerere kwa anthu. Funso n'lakuti agawe ndani. Ku Zimbabwe, kuyambira 2000, mabanja ambiri adapezadi minda, koma mafamu onona adapita kwa oyandikira chipani ndipo chuma chidagwa kwa zaka. Kuno tidayesa mofatsa ndi Kudzigulira Malo, pakati pa 2004 ndi 2011, pomwe mabanja pafupifupi 15,000 adagulirwa minda. Tilinso ndi malamulo a malo a 2016 amene adakonzedwanso mu 2022. Munda wokulirapo umachulukitsa ndowa za mayi uja, koma sikelo ikadali yomweyo.

Mtundu, chigawo, umayi

Akumanzere akale ankati pali magulu awiri okha, olemera ndi ogwira ntchito, zina zonse ndi utsi. Atsopano amati ayi, munthu amathanso kuponderezedwa chifukwa cha mtundu wake, chiyankhulo, kukhala mkazi, ulumali kapena khungu. Mkangano umenewu ndi waukulu ku America ndi ku Ulaya, ndipo umafika kuno kudzera m'mafoni ndi m'mawekishopu a alawansi, utavala mawu amene agogo sangawamve.

Atsopanowa ali ndi mfundo, ndipo ife Achewa tiyenera kuimva ngakhale ikuwawa. Mu 1968 Chichewa chidakwezedwa kukhala chiyankhulo cha dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi, pomwe kumpoto kwa Kasungu komweko, kwa Kaluluma ndi kwa Simlemba, anthu ambiri amayankhula Chitumbuka. Mu 1989 aphunzitsi a kumpoto adalamulidwa kubwerera kwawo. Kota ya ku yunivesite idakhala chilonda mpaka idathetsedwa mu 2020. Munthu wachialubino amene amaopa kuyenda yekha madzulo sakuopa umphawi. Ndipo pa muyeso wanga, amene wasenza ndowa ndi mayi, koma dzina lolembedwa pa kontirakiti ya fodya nthawi zambiri ndi la bambo, ndipo ndalama zikatuluka ena amakaonekera pa Chinkhoma sabata yathunthu. Lamulo la 2013 lofuna kuti pa maudindo a boma amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse, ndi kusintha kwa 2017 kokweza zaka zokwatiwira kufika 18, zidabwera chifukwa ena adakana kuti nkhani ya amayi idikire kaye umphawi uthe.

Pomwe ndimasiyana nawo ndi pamene mtundu usanduka tikiti. Kupita ku Kulamba ku Mkaika kukagwada kwa Kalonga Gawa Undi n'kwabwino, ine ndimapita. Koma chisankho chikayandikira, wandale wa mimba yake amabwera kudzandiuza kuti iye ndi ine ndife amodzi chifukwa tonse ndife Achewa, ndipo Mlomwe amene akusoka fodya m'chigafa chake ndiye mlendo. Mavoti athu akhala akutsata zigawo kuyambira 1994, ndipo palibe chigawo chimene osauka ake adalemera chifukwa mwana wawo adali ku State House. Pali nkhani zinanso, monga ya kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha, imene khoti lidagamula mu 2024 kuti malamulo oletsa akhalebe, pomwe Mmalawi amene pa zachuma ali kumanzere kwenikweni amapezeka ali kumanja Lamulungu m'mawa. Wofuna kumanga gulu kumudzi adziwiretu zimenezo, asadabwe.

Wailesi ndi ya yani

Pa zofalitsa nkhani akumanzere amafunsa funso limodzi labwino: mwini wake ndani, ndipo amalipira ndani? Tidakulira pa wailesi imodzi, MBC, yomwe idayamba mu 1964, ndi nyuzipepala za Daily Times ndi Malawi News zimene zidali m'manja mwa Kamuzu, lamulo losefa mabuku ndi nyimbo la 1968 likulondera pakhomo. Kanema adabwera mu 1999. Choncho wina akandiuza kuti mankhwala a nyumba zoulutsa mawu za anthu olemera ndi wailesi ya boma, ndimamukumbutsa kuti chipani chilichonse chimalonjeza kumasula MBC chikakhala kotsutsa, n'kuiwala chikalowa.

Za anthu wamba zidatsegula pakamwa pathu: The Nation kuyambira 1993, Zodiak kuyambira 2005, ndi zina. Koma zimadya za otsatsa malonda, ndipo wotsatsa wamkulu ndi boma lomwelo pamodzi ndi mabanki ndi makampani a mafoni. Mu 2010 boma lidasiya kutsatsa mu The Nation pofuna kuilanga. Ku Zambia nyuzipepala ya The Post idatsekedwa mu 2016 pa nkhani ya msonkho, ndipo mwini wake Fred M'membe pambuyo pake adakhala mtsogoleri wa Socialist Party. Mtolankhani wolandira malipiro ochepa amadalira chipondamthengo cha amene wamuitana, ndiye nkhani ya tenanti, amene alibe envelopu, imasowa woilemba. Masamba ambiri ali m'Chingelezi, Chichewa chimapatsidwa kangodya ka Tamvani kapena Tikambe.

Facebook ndi WhatsApp zilibe mkonzi, n'chifukwa chake zimathamanga ndi zoona ndi mabodza omwe, ndipo eni ake ali ku California. Pa muyeso wanga imene imakhoza ndi wailesi ya m'dera, monga Mudziwathu kuno ku Mchinji, ikamanena m'mawa mtengo wa soya pa Kamwendo, pa boma ndi ku Lilongwe, n'kuika pa mpweya mlimi ndi mlangizi kuti ayankhane. Nayonso imasauka, ndipo phungu akagula mafuta a jenereta zimavuta kumufunsa za ndalama za chitukuko cha m'dera. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha zikalata za boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo silinena kuti wopemphayo akhale mtolankhani. Kalabu ya alimi ingathe kulemba kalata ku khonsolo.

Mwana wa mlongo wanga adamvetsera zonsezi akuswa mtedza ndi dzanja limodzi, lina lili pa foni. Adati, "Ndiye atsibweni inu mukufuna boma lichoke?" Ndidati ayi, boma ndikulifuna pa msewu wa ku Mkanda, pa mankhwala a ku chipatala, ndi pa kuyendera masikelo, ntchito imene a Malawi Bureau of Standards adapatsidwa kale ndi lamulo. Kenako ndidamuuza kuti kalabu yathu yatsopano imakumana Lachinayi kuseri kwa tchalitchi, ndipo tikusowa wodziwa kulemba mabuku a ndalama, chifukwa mlembi wathu maso ayamba kuvuta. Adafunsa ngati kumakhala alawansi. Ndidati kumakhala thobwa.

Lachinayi adabwera, chipewa chili kumutu. Amayi adamupatsa mpando pafupi ndi sikelo, ndipo thumba loyamba litakwera adawerenga mokweza kuti 48 ndi theka. Mwini thumbalo, mayi wa kwa Mlonyeni, adati dzulo lake venda adamuuza kuti ndi 45, ndipo adamuuza mnyamatayo kuti awerengenso.